Nsapato Zokwezedwa M'mwamba

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka Lachiwiri, sabata yachiwiri ya mwezi wa Julayi, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ndinalilemba pamanja, masamba awiri, ndipo ndinakalisiya ndekha ku ofesi ya apampando a bungwe lathu la Amalawi okhala kuno ku Nairobi. Mlonda wa pageti anasaina pa kope langa kuti walandira. Patatha masabata awiri ndinapereka lina, kenako linanso kumayambiriro kwa Ogasiti. Makope onse atatu ali m'fayilo yobiriwira yomwe ili patebulo pano. Yankho lolembedwa sindinalandirepo. Chomwe ndinalandira ndi kachithunzi ka manja awiri opemphera, kamene alembi a bungwe ananditumizira pa foni.

Ndine munthu wosunga mapepala. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki ku ofesi ya maphunziro kwathu mpaka kupuma, ndipo ngakhale risiti ya ambulera sinditaya. Mayi a kunyumba atamwalira, mwana wanga wamwamuna, yemwe amagwira ntchito ku limodzi la mabungwe akuluakulu a kunjawa, ananditenga kuti ndizikhala naye ku South C. Ndinabwera ndi sutikesi imodzi ya zovala ndi makatoni atatu a mapepala. Mpongozi wanga anayang'ana makatoniwo, anangondipatsa shelefu yonse ya m'khonde.

Nkhani yomwe ndikudandaula ndi ya mtsikana wina wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, yemwe amaphunzira pa sekondale yoyendera. Bambo ake anali dalaivala, Mmalawi mnzathu, ndipo anamwalira chaka chatha. Pa maliro amenewo ndinanyadira mtundu wanga. Uthenga unalowa pa gulu lathu la pa foni m'mawa, pofika masana anthu anali atadzaza pakanyumba ka lendi ku Eastleigh, amayi akuimba m'kati, abambo ataima mumsewu kupatsa njira ngolo zokoka ndi manja. Sabata isanathe mtembo unakwera ndege kupita kumudzi. Palibe anafunsa fomu. Palibe anapempha kuti komiti iyambe yakhala pansi. Pa maliro Amalawife sitiphunzitsana chochita.

Mayi wamasiyeyo anabwerera kuno chifukwa mwana anali pakati pa sukulu, ndipo kumusamutsa kukanamubweza m'mbuyo. Amaoda zitenje ku Eastleigh komweko n'kumayenda nazo m'makomo mwa anthu. Fizi amayesetsa, imalowa. Chomwe chinawagonjetsa ndi nsapato ndi juzi. M'mwezi wa Juni, kuzizira kwa Nairobi kutayamba, mwanayo anabwezedwa pageti la sukulu kawiri: koyamba chifukwa cha juzi ya mtundu wina, kachiwiri chifukwa nsapato inali itayasama kutsogolo ndipo anaimata ndi guluu wooneka.

Nkhaniyi itamveka kutchalitchi, komiti ya bungwe lathu inaganiza zothandiza mwanayu pamodzi ndi ana ena asanu ndi mmodzi. Ndinene poyera kuti anthu a m'komitimo si oipa. Ndi anthu ophunzira, oolowa manja, ena a iwo amagona m'mahema kumalire a mayiko pothandiza othawa nkhondo. Vuto lawo ndi loti onse amagwira ntchito m'mabungwe, ndipo sadziwanso njira ina yoperekera chinthu kupatula ya ku ofesi. Kwa iwo nsapato siingachoke m'dzanja limodzi kupita m'dzanja lina popanda kaundula, chinsalu cholembedwa ndi wojambula.

Anandipempha kuti ndilembe mndandanda wa anawo. "Madala ndi katswiri wa mapepala," anatero apampando pamaso pa anthu. Ndinasangalala, ndisaname. Munthu wopuma ntchito ukakumbukiridwa umamva kukoma. Ndinalemba mayina asanu ndi awiri, ndi rula, aliyense ndi kalasi yake ndi saizi ya phazi lake.

Mwambowo unachitika Loweruka pa kapinga wa nyumba ya asungichuma. Panali matenti awiri. Tenti yaikulu inali ya mamembala, yaing'ono inali ya mabanja a ana aja, ndipo pamwamba pake anamangapo chinsalu cholembedwa mawu achingerezi otanthauza kuti opindula. Pageti kholo lililonse linasainitsidwa fomu ya chingerezi ya zilembo zing'onozing'ono. Mayi wamasiye uja anandiuza pambuyo pake kuti ankayesa akusainira kuti wabwera. Zoyankhula zinatenga maola awiri. Kenako ana anayamba kuitanidwa mmodzimmodzi pa chokuzira mawu, potsata mndandanda wanga, ndipo ine, pokhala wamkulu pa onse, ndi amene ndinapatsidwa ulemu wopereka.

Mtsikanayo anali wachinayi. Anabwera akuyang'ana pansi, nagwada pang'ono polandira monga mwana woleredwa bwino.

"Agogo, ikani dzanja paphewa pake," anatero wojambula. "Iwe, tulutsa nsapatozo m'bokosi. Zikweze m'mwamba, manja onse awiri, zioneke. Mwetulirako pang'ono, si maliro ano."

Anthu anaseka. Mwanayo anakweza nsapatozo koma sanamwetulire. Amene anamwetulira ndine. Pachithunzipo mano anga onse otsala ali pamtunda.

Chithunzi chimenecho ndi chomwe komiti inachikonda kwambiri. Anachiika pa tsamba la bungwe la pa intaneti, anachiikanso kukhala chizindikiro cha gulu lathu la pa foni, moti aliyense akatsegula gululo amayamba waona nkhope ya mwanayo. Mamembala anachigawa kwa anzawo a kuntchito, anzawowo kwa anzawonso. Sabata isanathe chinafika ku sukulu.

Ine sindinadziwe kanthu mpaka Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi. Mayi uja anandidikira pansi pa mtengo pafupi ndi geti, chikwama cha zitenje chili pambali.

"Mwaswera bwanji, Agogo?"

"Ndaswera, mayi. Nanga mwana wathu uja, nsapato zikumukwana?"

"Zikumukwana." Kenako anatsitsa mawu. "Koma wasiya sukulu. Sabata ino ndi yachiwiri."

Mawa lake ndinakwera matatu, minibasi ya kuno, kupita m'tauni, n'kukweranso ina ya ku Eastleigh. Kondakitala anandikhazika kutsogolo, ati Mzee, kutanthauza munthu wamkulu, asapanikizike. Mtsikanayo ndinamupeza akupinda zitenje za mayi ake. Anandipatsa mpando, iye anakhala pamphasa.

"Mdzukulu wanga, ndamva zoti sukupita ku sukulu."

"Eya, Agogo."

"Aphunzitsi akukuvutitsa?"

"Ayi. Anzanga anandipatsa dzina. Akunditchula kuti Msaada."

Mawu amenewa ndi a Chiswahili, amatanthauza chithandizo. Anandifotokozera kuti akalowa m'kalasi, anyamata a kumbuyo amavula nsapato zawo n'kuzikweza m'mwamba ndi manja awiri, nkhope zili zachisoni, wina n'kumayerekeza kujambula. Tsiku lina anapeza nsapato yakutha itaikidwa pa desiki yake ndi kapepala kolembedwa kuti mphatso yochokera kwa anthu akufuna kwabwino.

"Zimenezo n'zachibwana," ndinatero. "Zidzatha."

"Zikatha kalasi ino zikuyamba kalasi ina, Agogo. Aliyense amene wachipeza kumene chithunzicho amayambiranso." Anandiyang'ana m'maso koyamba. "Nsapato zakale zija zinali zong'ambika, koma palibe ankandidziwa."

Nsapato zatsopanozo zinali m'bokosi lake pansi pa bedi, pepala loyera lokulungira lidakali momwemo.

Pobwerera, matatu itaima pamzere wautali wa magalimoto, ndinakumbukira kabudula wanga wa ku pulayimale. Anali wakhaki, wong'ambika kumbuyo, ndipo ndinkayenda cham'mbali ngati nkhanu kuti anzanga asaone. Tsiku lina aphunzitsi athu anandiuza kuti nditsale ndisese m'kalasi. Anzanga atapita anatsegula kabati, natulutsa kaphukusi ka nyuzipepala. "Wina anaiwala ichi chaka chatha, chikungondidzazira malo," anatero osandiyang'ana. "Kachitayire kwanu." Munali kabudula watsopano wa saizi yanga yeniyeni. Sindinawathokoze chifukwa sanandipatse mpata, ndipo mpaka anamwalira sanatchulepo nkhaniyo. Munthu wopanda digiri ameneyo ankadziwa chinthu chomwe ine, nditakalamba chonchi, ndinachiiwala pa kapinga paja. Usiku sunafike ndisanalembe dandaulo loyamba lija.

Ndinapempha zinthu ziwiri zokha: chithunzicho chichotsedwe pa tsamba ndi pa gulu, ndipo mtsogolo muno ana azilandira zinthu popanda kuitanidwa mayina.

Yankho litachedwa ndinaimbira mwana wanga wamkazi, yemwe anakwatiwa ku Wales ndipo amagwira ntchito m'khitchini ya sukulu ina ya pulayimale, m'tauni yomwe kale inali ya migodi ya malasha. Ndinkangofuna kudandaula kwa munthu wondimvetsera. Koma zomwe anandiuza zinandidabwitsa.

"Adadi, inu mumayesa kuno kulibe osauka? Ana ena amabwera osadya chilichonse. Ena nyengo yachisanu amabwera opanda jekete, manja ali gwa."

"Ana achizungu?"

"Achizungu amene. Umphawi suona khungu."

"Ndiye mumatani?"

"M'mawa timaika chakudya, aliyense wofuna amadya, wolemera ndi wosauka yemwe, ndiye sudziwa kuti wanjala ndi uti. Zovala zili pa chitsulo chopachikira m'khonde lopita ku zimbudzi. Makolo amene ana awo zawachepera amasiya pamenepo, wofuna amatenga podutsa. Tinasankha dala khonde limenelo chifukwa aliyense amadutsamo, palibe angakufunse kuti ukukatani."

"Nanga mayina mumalemba pati?"

"Sitilemba."

"Lipoti?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Adadi inu ndi malipoti. Timangouza akulu a sukulu kuti majuzi atha."

Anandiuzanso kuti si zonse zili bwino kumeneko. Pali ana ena amajomba tsiku lovala zovala za kunyumba chifukwa alibe chooneka, ena amanama kuti adwala pa tsiku la ulendo wa sukulu. Manyazi a mwana wosauka ndi amodzi kulikonse. Ndinamupempha kuti alembe zonsezo, ndinakazisindikiza pa shopu ya makompyuta pafupi ndi kwathu, ndipo ndinaziphatika ku dandaulo lachiwiri monga umboni wakuti njira ina ilipo.

Komiti inandiitana ku msonkhano wake wa mu Ogasiti. Nkhani yanga anaiika kumapeto, pa zina ndi zina, pambuyo pa nkhani ya mtundu wa malaya omwe tidzavale pa chikondwerero cha kumapeto a chaka. Malayawo anakambidwa mphindi makumi anayi. Ndinali ndi wotchi.

"Madala, kalata zanu taziona, ndipo tikuyamika mtima wanu," anatero apampando. "Koma kuno si ku Wales. Anthu athu akapanda kuona chithunzi amati komiti yadya. Chithunzi ndi umboni."

"Pa maliro a bambo ake a mwanayu munajambula ndani kuti anthu akhulupirire?"

"Maliro ndi nkhani ina, Madala."

"N'chifukwa chiyani ili ina?"

Alembi ndi amene analowererapo, nati ngakhale atafuna kuchotsa, mawu achinsinsi otsegulira tsambalo ali ndi mlembi wakale, yemwe ntchito inamusamutsira ku Juba, kunja kwa Kenya. Ndinafunsa za chizindikiro cha gulu la pa foni, chomwe mdzukulu wanga wa zaka zisanu ndi zitatu anandiuza kuti chimasinthidwa pa mphindi imodzi. Anati chinaikidwa ndi chigamulo cha komiti, ndiye chingachotsedwe ndi chigamulo china, koma tsikulo anthu sanakwane chiwerengero chopangira chigamulo.

"Komanso Madala mwaoneka bwino pachithunzipo," anatero asungichuma. "Musachichotse msanga, mwina mungapezerepo mayi wina."

Onse anaseka. Ine ndinalemba mawuwo m'kabuku kanga, ndi nthawi yake. Pomaliza anakhazikitsa kagulu ka anthu atatu kounika nkhaniyi, ndipo anandisankha ine kukhala mmodzi wa iwo. Anawomba m'manja. Kaguluko sikanakumanepo: mmodzi ali ku msonkhano kunja, wina ali pa tchuthi, ndatsala ndekha kuunika dandaulo langa lomwe.

Sukulu zitatsekera, ine ndi mayi uja tinapita kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu, mayi wa kuno ku Kenya, waulemu wake. Anatipatsa tiyi. Anati anyamata aja analangidwa, ndipo mtsikanayu ndi mmodzi wa ana anzeru m'kalasi mwake, makamaka pa masamu. Koma wajomba nthawi yaitali, ndipo pali ana ambiri odikira malo. Akapanda kuoneka Lolemba lotsegulira teremu yachitatu, dzina lake lichotsedwa m'kaundula. Ndinapempha kuti andilembere zimenezo. Anandiyang'ana modabwa, koma analemba, nadinda. Pepalalo lili m'fayilo.

Ndinayesa njira yanga. Ndinauza mtsikanayo kuti tipite m'tauni ndikamugulire nsapato zina, zosiyana ndi za pachithunzi.

"Zikomo, Agogo, koma vuto si nsapato."

"Nanga upita liti?"

"Chikachoka. Amene anachisunga m'mafoni mwawo adzatopa nacho. Koma chikakhala pa tsamba paja, ndiye kuti ngakhale anthu a kwathu akuti ndine ameneyo."

"Chikachoka upitadi?"

Analoza kukhoma. Yunifolomu yake inali pa hang'ala, yochapa, yosita, juzi yatsopano yomwe anailandira pa mwambo uja ili pamwamba.

Nditafika kunyumba ndinachita chinthu chomwe komiti yonse inalephera kwa masabata asanu ndi awiri. Ndinafufuza nambala ya mlembi wakale m'mapepala a msonkhano wa chaka chatha, n'kumuimbira ku Juba. Anayankha foni itangolira kawiri.

"Aa, Madala, mwadzuka bwanji? Mawu achinsinsi? Ndili nawo. Palibe wandifunsapo. Koma ndingapereke kwa apampando okha, akandilembera."

Ndinalembera apampando tsiku lomwelo kuwadziwitsa. Uthengawo unaonetsa kuti awerenga.

Mwana wanga wamwamuna sakukondwa ndi zonsezi. Apampandowo ndi akuluakulu ku bungwe lomwe limagwira ntchito limodzi ndi lake, ndipo amakumana m'misonkhano.

"Adadi, mukufuna tiyambane ndi Amalawi onse a mu Nairobi chifukwa cha chithunzi chimodzi?"

"Chikanakhala cha mwana wako?"

"Mwana wanga sakanaima pamenepo."

"N'zimene ndikunenazo."

Anatuluka osamaliza tiyi. Koma madzulo ake anandibweretsera mapepala oyera paketi yathunthu, nawaika pa shelefu yanga.

Dzulo ndinakhala pansi kuwerenganso fayilo yonse kuyambira pachikuto, monga ndinkachitira ku ofesi nkhani ikakanirira. Pakati pa mapepala omwe anandipatsa pokonzekera mwambo uja panali malamulo a bungwe okhudza kujambula, masamba anayi, oonekeratu kuti wina anangowakopera ku ofesi kwawo, chifukwa pena pake dzina la bungwe lina anaiwala kulifufuta. Ndime yachisanu ndi chimodzi imati chithunzi chilichonse sichidzaikidwa poyera pokhapokha munthu aliyense wooneka nkhope pachithunzipo atasaina chilolezo, ndipo chikaikidwa popanda chilolezocho chidzachotsedwa msanga mwiniwake akapempha, osadikira msonkhano.

Ndinawerenga mafomu a chilolezo omwe ndinapatsidwa kuti ndisunge. Alipo asanu ndi awiri, a makolo asanu ndi awiri. Pachithunzi chija pali nkhope ziwiri. Ine palibe anandipatsa fomu. Sanaganize n'komwe kuti wopereka amafunsidwa, popeza kwa iwo wopereka amakhala wokondwa nthawi zonse kuonekera. Ndipo sanalakwitse kwenikweni, tsiku lija ndinali wokondwa. Chimandiwawa n'chakuti misozi ya mwana, pempho la mayi wamasiye ndi kalata zitatu za nkhalamba sizinasunthe kanthu, koma mwina siginecha imodzi yosowa isuntha. Komabe ngati khomo lotseguka ndi lomweli, ndilowera pomwepo.

Lero ndi Lachitatu. Sukulu zitsegulidwa Lolemba. Zomwe ndalembazi ndizisindikiza makope atatu: limodzi la apampando, lina la alembi, lina la m'fayilo, ndipo mlonda wa pageti asainanso.

Choncho, ine amene ndikuoneka kumanzere kwa chithunzicho, nditavala jekete yotuwa, dzanja lili paphewa pa mwana wa mnzathu womwalira, ndikudziwitsa komiti kuti sindinapereke chilolezo choti nkhope yanga iikidwe pa tsamba la bungwe kapena pa gulu la pa foni, ndipo sindikupereka. Potsata ndime yachisanu ndi chimodzi ya malamulo omwe komiti inadzipatsa yokha, ndikupempha mwaulemu kuti chithunzicho chichotsedwe malo onse awiri pasanafike Lachisanu 5 koloko madzulo, kuti Loweruka ndikwere matatu ndikamuonetse mwanayo ndi maso ake kuti chachoka. Ndikupemphanso kuti nkhaniyi iyankhidwe polemba, pa pepala, ndi siginecha ya apampando, osati ndi kachithunzi ka manja opemphera.